Kodi Munthu Wakufa Kalekale Ataya Ulemu Wake?

Pa nsonga za mapiri atali a ku Ulaya ndi a kumpoto kwa America pali madzi oundana amene akhala osasungunuka zaka zikwi zambiri. Masiku ano madziwo ali kusungunuka, pakuti utsi wa malasha ndi wa mafuta amene anthu atentha uli kutsekereza kutentha kwa dzuwa mumlengalenga, ndipo dziko lili kufunda. Ku Switzerland kokha, m'zaka za 2022 ndi 2023, gawo limodzi mwa magawo 10 a madzi oundana a m'mapiri linatha. Tsono posungunukapo madziwo ali kulavula zimene anameza kale. Pa Lendbreen, ku Norway, m'chaka cha 2011 anatola malaya a ubweya wa nkhosa olukidwa zaka ngati 1,700 zapitazo. Zinthu zotere ziyenera kutoledwa msanga, chifukwa zikakhala padzuwa ndi pamphepo sizichedwa kuola, ndipo pa malaya kapena muvi palibe wotsutsa. Mlandu uyamba pamene chotuluka m'madzimo ndi munthu.

Tamvani za mitembo ya malo atatu. Pa 19 September 1991, alendo awiri a ku Germany anapeza mtembo m'mapiri a Ötztal, m'malire a Austria ndi Italy. Mwamunayo, amene anthu anamutcha Ötzi, anafa zaka ngati 5,300 zapitazo. Anali ndi nkhwangwa yamkuwa, uta wosatha kusema, mivi 14 m'phodo ndi chisoti cha chikopa cha chimbalangondo, ndipo pathupi pake panali mphini 61. Kuyambira 1998 agona mumzinda wa Bolzano, m'nyumba yosungiramo zinthu zakale, m'chipinda chozizira kwambiri, ndipo anthu zikwizikwi abwera chaka ndi chaka kudzamusuzumira pa kazenera.

M'chaka cha 2004, pa phiri la San Matteo ku Italy komweko, madzi oundana anaonetsa asilikali atatu a Austria amene anafa pa nkhondo m'chaka cha 1918. Iwowa anawaika m'manda a asilikali ku Peio, ndipo palibe anaganiza zowaika pa kazenera.

Wachitatu ndi mnyamata amene alenje atatu anamupeza m'chaka cha 1999 m'mapiri a British Columbia ku Canada, atagona kumeneko zaka mazana angapo. Eni dera, anthu a mitundu ya Champagne ndi Aishihik, anamutcha Kwäday Dän Ts'ìnchi, ndiko kunena munthu wakale wopezeka. Iwo anapangana ndi boma nalola anthu ophunzira kuti amupime, ndipo m'chaka cha 2001 anatentha mtembo wake nabwezera phulusa kuphiri kumene anafera. Pambuyo pake kupima kwa DNA kunaonetsa kuti anthu 17 amoyo anali abale ake a kuchikazi.

Awerengi athu, tiyeni tiganizepo bwino. Onsewa anafa m'chisanu, onsewa anasungidwa ndi madzi oundana, koma ena alandira manda pamene wina wasanduka choonerera. Chowasiyanitsa nchiyani? Tikafunafuna tipeza zinthu ziwiri zokha: kuchuluka kwa zaka, ndi kukhalapo kwa omulira. Nanga kodi ulemu wa munthu uli ngati nsalu, yoti isuluke ndi zaka? Ngati utero, atiuze chaka chimene uthera, cha 200 kapena cha 2,000. Palibe angatchule chakacho popanda kuchita manyazi.

Ena adzati: "Ötzi alibe mbale, palibe amene mtima umupweteka pomuona." Koma mlendo akafera panjira, mudzi sumusiya pamtetete chifukwa choti abale ake sadziwika. Anthu akumba manda, amuika, pakuti ulemu wa maliro uchokera ku umunthu wa wakufayo, ndipo usunganso umunthu wa otsala. Akulu anati maliro nkulirana. Wosowa omulira ndiye afunika koposa kuti alendo amuchitire za ubale. Ndiponso mwamunayu sanafe imfa yabwino: m'chaka cha 2001 makina ounikira m'thupi anaonetsa nsonga ya muvi m'phewa lake lakumanzere. Anamulasa chakumbuyo. Amene tili kumusuzumirayo ndi munthu wophedwa.

Enanso adzati: "Nanga nzeru zimene tatola kwa iye?" Mawu awa ndi olemera, ndipo sitiwapeputsa. Chifukwa cha Ötzi tidziwa zimene anthu a nthawi yake ankavala, nyama ndi tirigu zimene ankadya, ndi matenda amene ankawasautsa. Muvi uja unaoneka patapita zaka 10 chimupezere. Akadamuika m'manda msanga, sitikadadziwa za imfa yake. Chotero kusunga mtembo wotere kuti anthu a mawa, okhala ndi zida zoposa zathu, akaphunzirepo, kuli ndi chifukwa chomveka. Sing'anga wopima mtembo kuti apeze choona sanyoza wakufa.

Komabe kuphunzira ndi kuonerera nzosiyana. Wophunzira afuna mtembo weniweniwo, pakuti popanda iwo ntchito yake siyenda. Mlendo wongofuna kudziwa za anthu akale akwanitsidwa ndi nkhwangwa, zovala, ndi chifanizo cha Ötzi chimene amisiri anaumba m'chaka cha 2011, chimene chili m'nyumba yomweyo. Chimene kazenera kaonjezera ndi kukhutitsa maso okha. Sitinena kuti osunga mtembowo ndi anthu ouma mtima. Kuchepa kwa kazenerako kuonetsa kuti iwonso auona mlanduwu. Koma anthu a ku Canada atisonyeza njira yabwino koposa: anayamba afunsana, anaika malire a zimene zingachitike pa mtembo, ndipo nzeru inapezeka ulemu osatayika.

Tisaiwalenso amene wafukula akufawa. Iwo anagona mwabata m'manda amene chilengedwe chinawapatsa, ndipo moto wa mbadwo wathu ndiwo wasasula denga la mandawo. Munthu amene watentha tchire, moto nulowa kumanda, sayamba ndi kutola mikanda ya akufa nakondwera kuti wapeza chuma. Ayamba wagwa nkhope, akonza zimene waononga, nasamala kuti motowo usapitirire. Madzi oundana akali kusungunuka, ndipo akufa ena adzatuluka. Aliyense wa iwo alandiridwe monga munthu, apimidwe ndi manja aulemu pamene pali chifukwa chenicheni, ndipo asasanduke malonda. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Ifenso tsiku lina tidzakhala anthu akalekale, opanda wotidziwa dzina, ndipo amene adzapeza mafupa athu adzatsata mwambo umene tiwasiyira lero.