Kampani ilibe mzimu

Kodi munthu angakongole ndalama m'dzina la kampani yatsopano, nagula nazo nyumba za lendi, mtima wace uli woyera? Makolo athu sanafunse funso ili. Pa 3 Fevereiro 1976 boma la Samora Machel linatenga nyumba zonse za lendi, ndipo munthu wamba sanaloledwenso kudyera nyumba kufikira caka ca 1991. Lero ku Ulónguè aphunzitsi, anamwino ndi ophunzira za ulimi a ku UniZambeze afuna pogona, ndipo amene wapindula ndi fodya kapena kacewere ayamba kuwerenga zipinda.

Mvetsani, abale, m'mene cinthuci ciyendera. Anthu awiri kapena atatu alembetsa kampani, imene pa Cipwitikizi ichedwa sociedade por quotas. Nyumba ikhala ya kampani, ngongole nayonso ya kampani. Ikagwa, eni ace ataya zokhazo anaikamo. Ng'ombe ndi nkhokwe za kumudzi sizikhudzidwa. Pamenepa palibe coipa. Kusonkha cuma kuti ena apeze denga ndi nchito yabwino, ndipo lendi yoyenera ili ngati mtengo wa cimanga pa msika.

Koma a banki si ana. Kampani yobadwa dzulo ilibe mbiri, ndipo nthaka singakhale cikole, pakuti lamulo la 1997 liti nthaka nja boma, sigulitsidwa kapena kupinyolitsidwa. Cifukwa cace agwira nyumba yokhayo, nafunanso kuti mwini asaine yekha monga avalista, ndiye wolonjeza kulipira kampani ikalephera. Ndi dzina limodzilo ng'ombe zija zabwereranso pa ngozi. Mwamuna wosaina cotere mkazi wace osadziwa wapinyolitsa nsima ya ana mseri. Ine sindiona dzina lina lochulira cimeneci koma cinyengo.

Cobvuta koposa ndi ca anthu ang'ono. Woumba njerwa, mmisiri wa denga, mlonda wa usiku: awa sanapemphe cikole, anangokhulupira nkhope ya mnansi wao. Kampani ikagwa, banki ili ndi nyumba yogwira. Woumba njerwa ali ndi lonjezo la pakamwa. Apita kwa mwini, ndipo mwiniyo ayankha kuti, “Si ine, ndi kampani.” Pa bwalo la milandu mau awa angathe kupambana. Koma ndani anaitana mmisiriyo? Ndani anapangana naye mtengo pansi pa mtengo wa pichesi? Kampani siibatizidwa, siilapa, siidwala. Ili pepala losungidwa mu ofesi. Lamulo lacisanu ndi ciwiri, loletsa kuba ndi kumana wanchito malipiro ace, linapatsidwa kwa munthu wokhala ndi manja, ndipo limlamula kubweza pamene angathe, ngakhale woweruza wammasula.

Wina adzati: nanga phindu la kampani nciani, ngati ndilipirabe? Phindu lilipo. Ikuchinjiriza pa tsoka limene sunalifune, monga moto kapena zipinda kukhala zopanda anthu caka cathunthu. Koma woyambitsa kampani ataganiza kale zodzathawa ngongole analakwa tsiku lomwe analembetsa, njerwa yoyamba isanaumbidwe.