Mwana wosasiya masewero a pa foni: ndi wodwala kapena wamwano?

Pa boma pa Dedza pano, ku Bembeke, ku Chimbiya ndi m'misika ina, si zachilendo kuona mnyamata atazyolika pa foni, osamva ngakhale akumuitana. Ena amasewera mpira kapena nkhondo ndi anthu a pa intaneti amene sanawaonepo. Ena ali pa Aviator, amene ambiri amangoti kandege: kandegeko kamakwera, ndalama yobetcha nkumachuluka, koma kakathawa munthu asanaitape, yonse yapita. Ndalamayo imachoka pa Airtel Money kapena Mpamba mwakachetechete, mayi ali pakhonde. Makolo ambiri afika pofunsa kuti, kodi mwana wotereyu ndi wodwala kapena wamwano chabe? Funsoli ndi lalikulu, pakuti wodwala amamusamalira, pamene wamwano amamudzudzula.

Madokotala ali ndi mbali yawo. Mu 2019 bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linaika kukanika kusiya masewero a pa foni ndi pa kompyuta m'ndandanda wa matenda. Sikuti aliyense wosewera akudwala ayi. Zizindikiro zake ndi zitatu: munthu amalephera kudziletsa, masewero amakhala patsogolo pa sukulu, ntchito ndi abale, ndipo amapitirizabe ngakhale akuona kuti zinthu zikuwonongeka. Kawirikawiri izi zimayenera kuoneka kwa miyezi 12.

Mu ubongo muli mankhwala otchedwa dopamine, amene amatuluka munthu akamayembekezera chinthu chabwino, nkumamukankha kuti achitenso. Amatuluka kwambiri ngati mphotho ili yosadziwika nthawi yake. Katswiri wa ku America, B.F. Skinner, anaona kuti nkhunda imene imalandira chakudya mwa apo ndi apo ikajompha kabatani, imajompha mosalekeza kuposa imene imalandira nthawi zonse. Masewero ambiri anakonzedwa motero. Vuto lina ndi lakuti mbali ya kutsogolo kwa ubongo, imene imathandiza munthu kunena kuti "basi, zakwana", imakhwima mochedwa, munthu atafika zaka pafupifupi 25. Choncho mnyamata wa Fomu 3 ali ngati njinga yotsika phiri la Dedza mabuleki asanamangidwe bwino.

Koma chowopsa kwambiri si nthawi kapena ndalama yotayika. Ndi dzina limene masewero amamupatsa munthu. Mlimi wa kachewere amadikira miyezi itatu kapena inayi kuti aone phindu la thukuta lake. Wophunzira amadikira zaka zinayi kuti alembe mayeso a MSCE. Pa foni, mphindi zisanu zokha zikwanira kuti munthu atchedwe katswiri. Mnyamata amene kunyumba amamutcha mlesi, kusukulu mbuli, pa intaneti ndi mtsogoleri amene anzake amamudikira. Pang'onopang'ono amayamba kukhulupirira kuti iye weniweni ndi wa pa foniyo, ndipo uyu wotumidwa kuchigayo ndi chithunzi chabe. Akapambana amadziona ngati mfumu, akaluza amadziona ngati chitsiru, ndipo manyazi a kuluza amamubwezera komweko kuti akadzitsuke. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Ndiye wolakwa ndani? Amene amati ndi matenda chabe, amamulanda mwanayo chinthu chokhacho chimene chingamupulumutse, ndiko kudziwa kuti angathe kusankha. Amene amati ndi mwano chabe, amamunyoza, ndipo chitonzocho chimatsimikizira zimene iye akuganiza kale, zakuti kunja kwa foni alibe ntchito. Mpingo umaphunzitsa kuti chizolowezi chozika mizu chimachepetsa kulakwa kwa munthu. Koma ufulu ukachepa sindiye kuti watheratu. Mnyamata sangathe kulamula ubongo wake kuti usalakelake kandege pakati pa usiku, koma angathe kusiya foni m'manja mwa bambo ake nthawi ya 8 koloko madzulo. Pa kagawo kakang'ono kameneka ndi pamene pali udindo wake, ndipo ubongo umene unaphunzira chizolowezi ungaphunzirenso china.

Carlo Acutis, mnyamata wa ku Italy amene anamwalira mu 2006 ali ndi zaka 15, ndipo Papa Leo XIV anamulengeza kukhala woyera pa 7 September 2025, ankakonda masewero a pa kompyuta. Sanawataye, koma anadziikira malire a ola limodzi pa sabata. Anatha kutero chifukwa anali ndi kwina kumene ankafunika: kuthandiza osauka ndi anzake a m'kalasi.

Apa ndi pamene pali ntchito ya banja ndi mphakati. Kulanda foni kokha kumasiya dzenje, ndipo dzenjelo limadzaza ndi mowa kapena chamba. Mwana apatsidwe mizere yakeyake m'dimba, udindo m'kwaya kapena m'timu ya mpira weniweni, ndipo akachita bwino auzidwe pamaso pa anthu. Ngati wayamba kuba, kusagona kapena kulankhula zodzipha, apite naye msanga ku chipatala cha boma cha Dedza, kapena kwa a St John of God ku Lilongwe, amene amathandiza za maganizo. Makolonso adziyang'ane: mwana sangamvere bambo amene akumuletsa foni, chala chawo chili pa kandege.