Chikomekome cha Nkhuyu, M'kati Muli Nyerere

Nkhuyu ikapsa imafiira mokopa, mpaka malovu kudzaza m'kamwa. Koma taing'ambani: nyerere zili piringupiringu. Makolo ataona zimenezi anatichenjeza kuti chinthu tisamachiyamikire khungu tisanaone za m'kati. Mwambiwu umamveka kwambiri polangiza achinyamata ofuna banja, koma ine umandikumbutsa loya wina wa ku America, David Wilmot.

Wilmot anabadwa mu 1814 ku Pennsylvania, ndipo ankagwira ntchito ya uloya m'tauni ya Towanda asanasankhidwe kukhala phungu. Pa 8 Ogasiti 1846, nkhondo ya America ndi Mexico ili m'kati, Pulezidenti James Polk anapempha aphungu madola 2 miliyoni oti akakambirane ndi Mexico za malo. Wilmot, ngakhale anali wa chipani chimodzi ndi Polk, anaimirira n'kunena kuti ndalamazo zituluke pokhapokha atagwirizana kuti m'malo onse otengedwa ku Mexico simudzakhala ukapolo. Aphungu anzake anavomera mu 1846, navomeranso mu 1847, koma ku Senate, nyumba ina ya malamulo, mfundoyo sinadutse. Kuyambira pamenepo aphungu anayamba kuiwala zipani: akumpoto kwaokha, akumwera kwaokha.

Womva izi angati kwabadwa mpulumutsi wa akapolo. Kumeneko ndiye kufiira kwa nkhuyu. Mu 1847 mwiniwakeyo anauza nyumba ya malamulo, osapsatira, kuti sankachita zimenezi pomvera chisoni kapolo ayi. Ankamenyera nkhondo azungu anzake okhalira thukuta lawo, kuti akapeze minda m'malo atsopanowo popanda manyazi olima moyandikana ndi akapolo akuda. Ukapolo umene unalipo kale kumwera analibe nawo mlandu. Zimenezi zimandiwawa. Mayi amene mwana wake ankagulitsidwa pamsika iye akuona, m'maganizo a phunguyu munalibe malo ake. Chinam'detsa nkhawa chinali ulemu wa mlimi wachizungu.

Komabe, mwana wanjala sataya nkhuyu chifukwa cha nyerere, amazisasa n'kudya. Mkangano umene Wilmot anautosa unathandiza kuti kubadwe chipani cha Free Soil mu 1848, kenako cha Republican, chimene iye anathandiza kuchikhazikitsa ndipo chinapambanitsa Abraham Lincoln pa chisankho cha pulezidenti mu 1860. Wilmot anaweruza milandu ku Pennsylvania kuyambira 1851 mpaka 1861, nakhala ku Senate zaka ziwiri, ndipo mu 1863 Lincoln anamuika kukhala jaji wa khoti lomva madandaulo a anthu ofuna kulipidwa ndi boma. Anamwalira ku Towanda mu 1868, patapita zaka zosakwana zitatu ukapolo utathetsedwa mu 1865.

Pa kulimba mtima kwa tsiku lija la mu 1846 ndimamuvulira chipewa. Koma dzina lakuti bwenzi la akapolo, limenelo sindingam'patse.