Kodi Kukhala Cete pa Nchito Ndiwo Ulemu?

Mnyamata wa ku Cipata akamaliza sukulu nalembedwa nchito pa kampani yaikuru, makolo ace amamlangiza kuti, "Mwanawe, ukamvere akapitao, usakayankhe." Mau awa ali ndi nzeru, pakuti mlendo ayenera kuyamba waidziwa nchito asanaweruze eni ace. Koma kodi kumvera kulibe malire?

Kale anyamata ambiri a dziko la Mpezeni anapita ku migodi ya mkuwa ya ku Nkana, Mufulira ndi Luanshya. Kumeneko ngakhale munthu wandevu anaitanidwa "boyi", ndipo nchito za malipiro abwino zinali za Azungu okha. Kukhala cete sikunasinthe kanthu. M'caka ca 1940 Aafirika analeka nchito, asilikari naombera mfuti ku Nkana, ndipo anthu 17 anafa. Mkwiyo wosowa wouyankhulira unabala maliro. Koma m'caka ca 1949 anchito anapanga bungwe lao la m'migodi, mtsogoleri wace Lawrence Katilungu, ndipo mu 1955 nchito zina za Azungu zinayamba kupatsidwa kwa Aafirika. Indedi, mutu umodzi susenza denga.

Cotero ulemu ndi mantha ndi zinthu ziwiri. Wamantha amavomera zonse pamaso, nang'ung'udza kuseri. Waulemu amafika m'nthawi yace, nagwira nchito mokhulupirika. Ndipo akaona cosalungama amacinena poyera, mofatsa, pamodzi ndi anzace. Kampani imagula mphamvu za mnyamata ndi nthawi yace, koma umunthu wace sugulidwa ndi malipiro a pa mwezi.