Kaundula akasokonekera, mafayilo amakhala alipo

Kuona maso a nkhono n'kudekha, koma tsiku limene pulogalamu ya makalata pa kompyuta yanga inayamba kudzitsekera yokha, kudekhako kunandithawa. Magetsi anathima makalata ali m'kati molowa, ndili kunyumba ku Area 10. Atayaka, ndikati nditsegule, pulogalamu ija imangophethira n'kuzimirira. Kachitatu inatseguka, koma mu Inbox muli mbee! Makalata a zaka 9 a komiti yomanga tchalitchi chathu, malisiti a simenti, malonjezo a ana athu a ku Johannesburg, onse osaoneka.

Chala chinkayabwa kuti ndifufute zonse n'kuyambira pachiyambi. Koma safunsa anadya phula. Ndinanyamula kompyuta ulendo wa ku Old Town, kwa mnyamata wina chakufupi ndi msewu wa Malangalanga, m'kachipinda ka mawaya ndi mabatire otupa.

Iye sanathamangire kukonza. Anayamba wakopera foda yonse ya makalata pa flash, kenako n'kundilozera nambala. "Achikulire, fayilo yanuyi ikulemera 6 GB. Nkhokwe yopanda chimanga silemera chonchi." Mtima unakhalako m'malo. Anatsegula pulogalamuyo mu safe mode, momwe tizowonjezera tonse timakhala titagona, kuti aone ngati wolakwa ali pakati pa timeneto. Anasuzumiranso mu antivirus, poti nthawi zina imatsekera fayilo yonse chifukwa cha kalata imodzi yokhala ndi virus, mudzi wonse kumangidwa chifukwa cha mbala imodzi. Hard disk nayo anaiyeza. Zonsezi zinali bwino.

Zimene anafotokoza pambuyo pake sizinandivute kumva. Ine ukalaliki ndinauyambira mu registry ku Capital Hill, likulu litangosamuka ku Zomba mu 1975. Kumeneko kunali mashelefu a mafayilo, kunalinso kaundula wonena pamene fayilo iliyonse ili. Kaundula akang'ambika tsamba, bwana ankakalipa kuti fayilo yasowa, chikhalirecho ili phee pa shelefu. Makalata a pa kompyuta n'chimodzimodzi. Pulogalamu ya Thunderbird imasunga makalata a foda imodzi mu fayilo imodzi yaitali, pambali pake n'kuika kaundula wa dzina lothera ndi .msf, amene amalembedwanso mukadina Repair Folder. Pulogalamu ina, ya Outlook, imatha kuunjika zonse mu fayilo ya PST. Zakale za 2003 isanafike zinkathera pa 2 GB, ndipo pali kachida kotchedwa scanpst kozikonzera. Magetsi akaduka kompyuta ili m'kati molemba, kaundula amasiyana mawu ndi shelefu.

Chimene anandiletsa kwambiri ndi kudina Compact zinthu zili chonchi. Kalata imene mwafufuta simachoka nthawi yomweyo, imangoikidwa chizindikiro, ndipo Compact ndiye amasesa zonse zachizindikiro. Kumutuma kusesa kaundula ali wosokonekera kuli ngati kupatsa mesenjala machesi ndi mndandanda wolakwika. Madzi akatayika saoleka.

Apa mpamene ndinatsutsana ndi makolo pang'ono. Iwo amati mapanga awiri avumbwitsa, koma ine ndinavumbwa chifukwa cha phanga limodzi. Akaunti yanga inali ya POP, yotcheredwa kuti ikakoka kalata iifufute ku seva. Ikanakhala ya IMAP, makalata akanatsalanso kumeneko. Amene anatchera chonchi ndine ndemwe, kalekale, osadziwa chimene ndikuvomera.

Kaundula atalembedwanso, makalata anabwerera mmodzimmodzi ngati nkhuku madzulo. Anasowa anayi okha, aja ankalowa pamene magetsi amathima. Imodzi inali ya mphwanga wa ku Johannesburg, yolonjeza ndalama za malata, imene ndinangoiona pang'ono isanazimirire. Ndinamuimbira ndili pa mlatho wa Lilongwe kuti anditumizirenso. Anatumizadi usiku womwewo, koma ndalama imene analemba ulendo uno inali yocheperapo kusiyana ndi imene ine ndikukumbukira.