Ndalama za soya ndi kompyuta ya msuweni wanga

Amalume atagulitsa soya wawo pa Mitundu, madzulo ake anandiitana. Anatulutsa ndalama zokulunga m'jumbo n'kuziika pamphasa. "Mphwanga, iwe ndiye unapita kusukulu. Katigulire kompyuta kuti msuweni wakoyu azitayipa makalata ndi ma CV pa trading pano, m'malo mongokhala." Ndinalandira ndi manja awiri, mtima ukugunda. Sizinali ndalama wamba. Munali mizere yomwe akulu aja anapalira dzuwa likuswa mtengo.

Njira zinali ziwiri. Yoyamba, kugula kompyuta yathunthu, ma ex-UK aja monga Dell OptiPlex kapena HP, omwe maofesi akunja anatopa nawo. Yachiwiri, kugula zipangizo chimodzichimodzi, motherboard, purosesa, RAM, SSD, power supply ndi bokosi lake, n'kulumikiza ndekha.

Ndisaname, mtima wanga unali pa yachiwiriyi. Zifukwa ndinali nazo, ndipo zinali zomveka. Makompyuta ambiri otchipa amabwera ndi hard disk yakale yozungulira ija, yomwe imachedwa kwambiri poyerekeza ndi SSD. Ambiri ali ndi RAM ya 4GB, pomwe 8GB ndiyo imakupatsa mpumulo. Ma OptiPlex ambiri ali ndi power supply ya mapulagi akeake, moti ikapsa sungangotola ina iliyonse n'kuikamo. Komanso Microsoft inasiya kusamalira Windows 10 pa 14 October 2025, ndipo Windows 11 imafuna purosesa ya Intel ya generation 8 kupita m'tsogolo. Makina ambiri owala bwino m'mashelefu ndi akale kuposa pamenepo. Wogulitsa sangakuuze zimenezi ngati sunafunse, ndipo safunsa anadya phula.

Koma ndili mu minibasi, tikudutsa pa Bunda kulowera m'tauni, funso lina linandigwira pakhosi. Kodi kompyutayi ndi ya ndani?

Ndikalumikiza ndekha, nzeru zonse za makinawo zikhala m'mutu mwanga. Ndine ndekha amene ndingadziwe kuti RAM ya DDR3 silowa pamalo a DDR4, kapena kuti purosesa iyi imayenda ndi motherboard iti. Chonsecho ine ndili pa ntchito yosaka ntchito. Mawa akandiitana ku Blantyre kapena ku Mzuzu, ndipita osacheuka. Tsiku lomwe makinawo adzakane kuyaka, msuweni wanga adzatani? Wogulitsa motherboard adzaloza wa power supply, wa power supply adzaloza magetsi, ndipo iye adzatsala ndi bokosi lachitsulo ndi nambala yanga ya foni. Ndinaona kuti mbali ina ya chidwi changa sichinali chikondi ayi. Ndinkafuna kuti pamudzi aziti, "Mwana uja anapanga yekha kompyuta." Ndinkafuna kugula ulemu ndi soya wa eni.

Ndiye mwina munganene kuti basi, yathunthu ija ndiyo njira yachilungamo. Inenso ndinaganiza choncho kwa kanthawi. Wogulitsa mmodzi, lisiti limodzi, ikavuta ukudziwa khomo lokagogoda. Koma nditadzifufuza bwino, ndinapezamo kena konunkha. Chomwe chinkandikoka n'choti ikadzawonongeka ndidzatha kusamba m'manja n'kunena kuti, "Si ine, amalume, ndi a shopu aja." Uku kunali kuthawa mlandu. Amalume sananditume chifukwa ndimadziwa njira ya ku tauni. Ananditumira zomwe ndimadziwa. Kubisa nzeruzo pofuna kudziteteza n'kuwabera ndithu, ngakhale chenji chibwerere chonse.

Apa ndi pomwe ndimaona kuti ife ophunzirafe tili ndi mayesero awiri. Wina akatikhulupirira ndi ndalama zake, titha kumumangira chinthu chomwe sangachimvetse, kuti azitifuna mpaka kale. Kapena titha kumusankhira chosavuta, kuti zikavuta dzina lathu lisatchulidwe. Njira zonsezi munthu akuganiza za iye mwini.

Amene anandimasula ndi anyamata okonza njinga pamsika wa Mitundu. Taganizirani njinga ya kabaza. Mwina inagulidwa yathunthu, koma pakatha zaka zitatu tcheni ndi china, masipoko ndi ena, chishalo ndi china. Palibe amafunsa ngati ndi yogula kapena yolumikiza. Chomwe chimapangitsa njinga kukhala bwenzi la munthu wosauka n'choti mwini wake amaidziwa, ndipo akalephera, wodziwa ali pansi pa mtengo wa mango pomwepo. Nzeru za njinga zili ponseponse. Nzeru za kompyuta tinazitsekera m'mitu ya anthu ochepa, ndipo ena mwa ife zimatikomera kuti zikhale choncho.

Nditafika m'tauni sindinagule kanthu. Ndinangofunsa mitengo, n'kuona momwe zipangizo zatsopano zinakwerera. Zonsezi zimachokera kunja, ndipo chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023, kulumikiza kompyuta ndi zipangizo zatsopano zokhazokha si masewera a ndalama za soya. Ndinabwerera chimanjamanja, amalume n'kundiyang'ana mokayika.

Sabata yotsatira ndinapita ndi msuweni wanga. Tinasankha yathunthu yogwiritsidwapo kale, ya Core i5 generation 8. Ndinapempha wogulitsa kuti aitsekule tione m'kati, ndipo anang'ung'udza koma anatsekula. Tinagula SSD ndi RAM yowonjezera padera. Ndalama zomwe ine ndinkalota kuti zipite ku purosesa yamphamvu zinapita ku UPS, chifukwa kwathu kuno chomwe chimapha makina si kuchedwa, koma magetsi othimathima.

Kunyumba sikuludiraiva ndinamupatsa iyeyo. Manja ankanjenjemera, RAM anaitembenuza kawiri asanaone kampata kosonyeza mbali yolowera. Ndinadzigwira kuti ndisamulande. Italowa n'kumveka kuti "tha", anaseka ngati wagoletsa chigoli. Zonse tinazilemba m'kope: dzina la chipangizo chilichonse, komwe tinagula, ndi choyamba kuyang'ana ikakana kuyaka.

Sindikunena kuti ndinasankha bwino pa zonse. Power supply yake ndi ya mapulagi akeake aja, ndipo ikadzapsa tidzavutika kuipeza. Amalume ndinawauza zimenezi mosabisa, kuti ikadzavuta pamenepo mlandu ndi wanga. Anangoti, "Wanena wekha, mphwanga," n'kupitiriza kusenda chinangwa chawo.

Dzulo msuweni wanga anandiimbira. Kompyuta inangozima yokha masana, kasitomala ali pompo. Asanandiimbire anali atatsekula kale, n'kupeza fumbi litadzaza pa fani. Ankangofuna kudziwa ngati kupopa ndi pampu ya njinga kungawononge kanthu.