Ndalama Zikatha Mphamvu, Kodi Banja Limatsala ndi Chiyani?

1, 2. (a) Kodi nchiyani chinachitikira ndalama ya Zimbabwe? (b) Kodi kugwa kwa chuma kumalanda banja zinthu zitatu ziti?

MU January 2009, banki yaikulu ya Zimbabwe inatulutsa ndalama ya pepala yolembedwapo madola 100,000,000,000,000. Patangopita milungu yoŵerengeka, ogulitsa ambiri anali kuikana, akumafuna madola a ku United States kapena ndalama ya ku South Africa. Komatu pamene dzikolo linayamba kudzilamulira mu 1980, dola yake inali yamphamvu kuposa ya ku United States. Chiŵerengero cha boma cha July 2008 chinasonyeza kuti mitengo ya zinthu inali itakwera ndi 231,000,000 peresenti m'chaka chimodzi, ndipo pakati pa 2006 ndi 2009 maziro okwana 25 anachotsedwa pa ndalamayo.

2 Ziŵerengero zoterozo nzozizwitsa, koma sizisimba zimene zimachitika m'nyumba ya munthu wamba. Kulikonse kumene chuma chagwa, banja limayamba lataya ntchito, kenako zimene linasunga, ndipo potsirizira pake lingataye chiyembekezo. Zoyamba ziŵirizo zimachoka mwininyumba asanafunsidwe. Chachitatucho chokha nchimene sichingalandidwe mwiniwake akachigwiritsa. Kodi Baibulo limathandiza motani mabanja achikristu pa zitatu zonsezi?

Ntchito Ikatha

3, 4. Kodi kutha kwa ntchito kunavutitsa motani mabanja ku Zimbabwe ndi ku Zambia?

3 Kuyambira mu 2000, pamene mafamu aakulu a ku Zimbabwe anayamba kusintha eni, antchito zikwi zambiri anataya ntchito ndi nyumba panthaŵi imodzi. Ambiri a iwo anali ana ndi adzukulu a anthu ochokera ku Malaŵi, Mozambique ndi Zambia, ndipo analibe mudzi wobwererako. M'mizinda monga Bulawayo mafakitale anatsekedwa. Podzafika 2008, malipiro a mwezi a aphunzitsi ndi anamwino ambiri sanali kukwanira ngakhale kulipirira basi yopita kuntchito. Makamu anawoloka malire pa Beitbridge kuloŵa mu South Africa, ena analoŵera ku Botswana, ana atasiyidwa m'manja mwa agogo awo.

4 Tsoka lotere silidikira kuti ndalama ya dziko ife. M'chaka chomwecho cha 2008, pamene chuma cha dziko lonse chinagwedezeka, mtengo wa mkuwa unatsika kuchoka pa madola oposa 8,000 pa tani mu July kufika pa osakwana 3,000 mu December, ndipo mgodi wa ku Luanshya, ku Zambia, unaimitsa ntchito. Mgodi ukaima, si wokumba yekha amene amagona ndi njala. Mayi wogulitsa tomato pamsika, telala wapakhonde, ndi mkazi wamasiye wodalira lendi ya chipinda chimodzi, onsewo amasoŵa wowapatsa ndalama.

5. Kodi Mkristu wosoŵa ntchito ayenera kudziona motani?

5 Mutu wa banja woopa Mulungu amavutika paŵiri, pakuti amadziŵa kuti Malemba amaika pa iye thayo la kusamalira a m'nyumba yake. (1 Timoteo 5:8) Pobwera madzulo chimanjamanja, angachite manyazi kuyang'ana ana ake, ndipo angayambe kulingalira kuti Mulungu wamfulatira. Komabe, amene mtumwi Paulo anawadzudzula ku Tesalonika anali anthu okana ntchito, osati oifunafuna koma osaipeza. (2 Atesalonika 3:10-12) Ndiponso Solomo anaona kuti waliŵiro sapambana mpikisano nthaŵi zonse, ngakhalenso wanzeru sapeza chakudya nthaŵi zonse, popeza zogwa mwadzidzidzi sizisankha munthu. (Mlaliki 9:11) Chotero kuchotsedwa ntchito sikuli umboni wakuti munthu wachimwa, ndipo sikumachepetsa mtengo wake pamaso pa Yehova.

6. Kodi Rute ndi Paulo anapereka chitsanzo chotani?

6 Chimene ulova umayesa kwenikweni ndicho kudzichepetsa. Rute atafika ku Betelehemu ali wamasiye ndi mlendo, anapita kukakunkha m'munda wa mwini, ntchito ya amphaŵi, ndipo anaigwira kufikira madzulo. Anabwerera kwa apongozi ake Naomi ndi barele wokwana efa, malita pafupifupi 22. (Rute 2:2, 17, 18) Paulo, wophunzitsidwa ndi Gamaliyeli, anasoka mahema pamodzi ndi Akula ndi Priskila ku Korinto. (Machitidwe 18:1-3, 22:3) Mofananamo, amene anali kalaliki mu ofesi angafunikire kugwira ganyu, kulima dimba kapena kuyamba geni. Khasu silichotsa ulemu wa Mkristu. Chimene chimauchotsa ndicho kulola ana kugona ndi njala chifukwa cha kuopa kusekedwa.

Zosunga Zikasanduka Mapepala

7. Kodi ndani amene anapwetekedwa koposa ku Zimbabwe, ndipo motani?

7 Chomvetsa chisoni nchakuti kukwera kwa mitengo kumalanga koposa anthu osamala. Ku Zimbabwe, amene anadula malipiro awo mwezi ndi mwezi kwa zaka 30 kuti adzalandire penshoni, kapena amene analipira inshuwalansi mokhulupirika, anapeza kuti thukuta lawo lonse lasanduka chabe. Popeza panali malire a ndalama zimene munthu akanatapa patsiku, anthu anali kuima pamzera kubanki kuyambira mbandakucha, pamene ndalama zawo zinali kutha mphamvu iwo ali chiimire. Mu 2015, potseka nkhani ya ndalama yakaleyo, mwini akaunti iliyonse yokhala ndi madola a Zimbabwe osapitirira 175,000,000,000,000,000 anapatsidwa madola 5 a ku United States. M'maiko ena nkhonyayo imakhala yocheperapo koma imapwetekabe. Mu November 2023, kwacha ya Malaŵi inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti tsiku limodzi.

8. Kodi Baibulo limanenanji za kusunga ndalama ndi za kuzidalira?

8 Kodi osungawo analakwa? Iyayi. Baibulo limatamanda nyerere chifukwa cha kututa chakudya nyengo ikali yabwino, ndipo limavomereza kuti ndalama zimatchinjiriza. (Miyambo 6:6-8, Mlaliki 7:12) Koma limasiyanitsa kusunga ndi kudalira. Limasonyeza kuti linga limene wolemera amaona pozinga chuma chake lili m'maganizo mwake mokha, ndi kuti chuma chikhoza kumera mapiko ndi kuuluka. (Miyambo 18:11, 23:4, 5) M'njala ya m'masiku a Yosefe, ndalama zinatha m'Igupto, ndipo anthu anapereka ziŵeto, kenako minda, kuti apeze chakudya. (Genesis 47:15-20) Nchifukwa chake Yesu analangiza ophunzira ake kusunga chuma chawo kumene kachilombo, dzimbiri ndi mbala sizifika, pakuti mtima umatsata chuma. (Mateyu 6:19-21) Amene anaika mtima wake m'buku la kubanki amasweka pamodzi nalo. Amene anaikamo ndalama zokha amalira, koma amadzukanso.

9, 10. Kodi ndi ziyeso zotani zimene zimagwera (a) wosoŵa? (b) wokhala nazo? (c) wangongole?

9 Aguri anapempha Mulungu kuti asampatse umphaŵi kapena chuma, poopa kuti kukhuta kungamchititse kukana Yehova, ndi kuti kusoŵa kungamchititse kuba. (Miyambo 30:8, 9) Kugwa kwa chuma kumadzetsa ziyeso zonse ziŵirizo mumpingo umodzi. Wosoŵa angakopeke ndi juga, ziphuphu, kunyenga pa sikelo, kapena katapila amene amamiza banja mwakuya kuposa poyamba. Wokhala nazo angakopeke kulemerera pa misozi ya mbale wake. Nehemiya anapeza Ayuda osauka atapinyolitsa minda, nyumba, ngakhale kupereka ana awo ku ukapolo kwa Ayuda anzawo chifukwa cha njala ndi msonkho. Anakwiya kwambiri, nalamula olemerawo kubweza minda ndi nyumbazo tsiku lomwelo.—Nehemiya 5:1-12.

10 Palinso chiyeso chobisika. Tinene kuti mbale anakongola ndalama zokwanira kugula ng'ombe, ndipo pofika tsiku lobweza, ndalama zomwezo sizikugula ngakhale nkhuku. Akabweza chiŵerengero cholembedwa papepala, palibe khoti limene lingamtsutse. Koma kodi wabwezadi? Wamasalmo amatcha woipa munthu wokongola wosabweza, ndipo Yesu anaphunzitsa kuchitira ena zimene munthu angafune kuti amchitire. (Salmo 37:21, Mateyu 7:12) Akristu aŵiriwo amachita bwino kukhala pansi ndi kugwirizana njira yogaŵana kutayikako, wangongole asabisale kuseri kwa pepala, ndipo wokongoza asafinye mbale amene alibiretu kanthu.

Nkhokwe Imene Siifumbwa

11, 12. (a) Kodi Akristu oyambirira anathandizana motani? (b) Kodi mipingo ingawatsanzire motani?

11 M'masiku a mfumu ya Roma Klaudiyo, mneneri Agabo ananeneratu za njala yaikulu. Ophunzira a ku Antiokeya sanayembekeze kupemphedwa. Aliyense anapatula monga mwa kupeza kwake, natumiza thandizolo kwa akulu a ku Yudeya ndi Barnaba ndi Saulo. (Machitidwe 11:27-30) Pambuyo pake Akristu a ku Makedoniya, amene iwo eni anali mu umphaŵi wadzaoneni, anachonderera kuti asasiyidwe pa chopereka china. Paulo anafotokoza kuti cholinga sichinali kupeputsa ena mwa kulemetsa anzawo, koma kuti zotsala za mmodzi lero zikwaniritse kusoŵa kwa wina, popeza maŵa zinthu zingatembenuke. (2 Akorinto 8:1-4, 13-15) Akale a Chicheŵa anaona zofananazo pamene anati kupatsa nkuika.

12 Ufa wopatsidwa kwa mbale wanjala sutha mphamvu usiku umodzi monga ndalama ya pepala, pakuti Yehova amauŵerengera monga ngongole yake. (Miyambo 19:17) Chotero akulu amakhala maso kuona banja limene laleka kufika pamisonkhano chifukwa chosoŵa sopo, nkhalamba imene penshoni yake yafa, ndi agogo osiyidwa ndi adzukulu. Osoŵa kwenikweni kaŵirikaŵiri ndiwo amakhala chete. Mawu otonthoza okha sakwanira pamene m'mphika mulibe kanthu. (Yakobo 2:15, 16) Wina angapereke mbale ya chimanga, wina angabwereketse ndime ya munda, wina angauze mnzake kumene kwamveka ntchito, zonsezo mwakachetechete kuti wolandirayo asachite manyazi.

Kutchinjiriza Chiyembekezo

13. Kodi banja lingachitenji kuti nkhaŵa isaligaŵanitse?

13 Kutayika kwachitatu kumaloŵa m'nyumba pang'onopang'ono. Mwamuna amaleka kulankhula kapena amathaŵira ku moŵa. Mkazi amamkumbutsa tsiku ndi tsiku zimene amuna ena akubweretsa. Achichepere amafunsa phindu la sukulu poona ophunzira akugulitsa malonda m'mbali mwa msewu. Apa mpamene banja liyenera kukambirana momasuka. (Miyambo 15:22) Makolo anzeru amauza ana zoona popanda kuwaopseza, amagwirizana zimene zichotsedwe pa zogula, ndipo saleka kupemphera ndi kuŵerenga Malemba pamodzi. Wolingalira zopita kunja kukafuna ntchito amaŵerengera mtengo wake wonse, osati wa basi wokha, komanso wa ukwati ndi wa ana okula popanda kholo. Nsima yopanda ndiwo yodyedwa pamtendere imasunga banja kuposa phwando lodyedwa mokangana.—Miyambo 17:1.

14. Kodi Yesu analonjeza chiyani, ndipo sanalonjeze chiyani?

14 Pamene Yesu anauza omvera ake kuleka kuda nkhaŵa za chakudya ndi zovala, sanali kulankhula ndi anthu okhuta. M'dzikolo waganyu anali kulandira dinari imodzi patsiku, ndipo ena anali kuima pamsika mpaka dzuŵa kupendeka popanda wowalemba. (Mateyu 6:25-34, 20:1-7) Iye anawatsimikizira kuti Atate amadziŵa zosoŵa zawo ndipo adzasamalira oika Ufumu patsogolo, nawaphunzitsa kunyamula katundu wa tsiku limodzi lokha. Sanalonjeze chuma. Paulo, wokhulupirika chotero, anadziŵa njala, ludzu ndi usiŵa, ndipo anachenjeza za anthu oyesa kupembedza njira yopezera phindu. (2 Akorinto 11:27; 1 Timoteo 6:5-8) Chotero Mkristu sapereka ndalama zake zotsiriza kwa mlaliki wolonjeza kuti zidzabwerera zitachuluka, ndipo sakhumudwa ndi Mulungu chifukwa cha lonjezo limene Mulungu sanapange.

15, 16. (a) Kodi Habakuku anatsimikiza mtima kuchitanji? (b) Kodi banja lokhulupirika limatsala ndi chiyani?

15 Mneneri Habakuku anadziŵitsidwa kuti Akasidi adzasakaza Yuda. Sanabise mantha ake, pakuti anavomereza kuti thupi lake linanjenjemera. Anatchula chimodzichimodzi zimene chuma cha dzikolo chinadalira, nkhuyu, mphesa, azitona, zokolola za m'munda, nkhosa ndi ng'ombe, naziona zonse zitatha. Komabe anatsimikiza mtima kukondwera mwa Yehova, amene anali mphamvu yake. (Habakuku 3:16-19) Chimwemwe chakecho sichinasungidwe m'nkhokwe kapena m'khola, chotero adani sakanachifunkha.

16 Maboma amayesayesa kukonza zinthu, ndipo mu April 2024 Zimbabwe inayambitsa ndalama ina yatsopano yotchedwa ZiG. Akristu amamvera malamulo ndi kuyamikira mpumulo uliwonse umene ungadze, koma chiyembekezo chawo chili pa Ufumu wa Mulungu, umene udzalanditsa waumphaŵi wopanda womthandiza, ndi kuchititsa kuti womanga nyumba akhalemo ndi wolima munda adye zipatso zake. (Salmo 72:12-14, Yesaya 65:21, 22) Kufikira nthaŵiyo, banja limene lataya ntchito ndi zosunga limatsalabe ndi manja ogwira ntchito, dzina labwino, abale achikondi, ndi Mulungu amene walonjeza kusawataya atumiki ake.—Ahebri 13:5, 6.

Kodi Mukukumbukira?

□ Kodi nchifukwa ninji ulova suli chizindikiro chakuti Mulungu wakana munthu?

□ Kodi kusunga ndalama kumasiyana motani ndi kuzidalira?

□ Kodi wangongole ndi wokongoza ayenera kuchitirana motani ndalama zikatha mphamvu?

□ Kodi chitsanzo cha Habakuku chimalimbikitsa motani mabanja lerolino?